Khaki ya Apongozi Anga

Ndinakwatiwa ndi msilikali, mwana wa msilikali. Pa chilangizo azimayi a kumpingo anandiuza zambiri, za kuphika, za kulandira achibale, za kuchipinda, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula sitachi yolimbitsira zovala. Imeneyo ndinakaiphunzira kwa apongozi anga aamuna, amene tinkakhala nawo nyumba imodzi ku Dambwa North, mu Livingstone, chimwalirireni akazi awo. Kwa makolo athu mpongozi sayandikana ndi apongozi ake chotero, koma nyumba ya zipinda ziwiri siidziwa mwambo.

Apongoziwo anabadwira ku Ntcheu. Analowa usilikali nthawi ya atsamunda akadali mnyamata, anakamenya nkhondo kutsidya kwa nyanja, ndipo atabwerako sanakhalitse kwawo. Anabwera ku Livingstone kudzagwira ntchito ya njanji, anakwatira, anakalambira konkuno. Za nkhondoyo sankanena zambiri. Ukawafunsa ankangoti kunali mvula ndi misundu. Koma ikakhala nkhani ya yunifolomu, ankayankhula mpaka tiyi kuzizira.

Yawo inkakhala m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi: malaya a khaki, kabudula wotambalala wofika m'mawondo, lamba, nsalu zazitali zokulunga m'miyendo, ndi chipewa chofiira chooneka ngati kachitini kovundikira, chokhala ndi mphonje yakuda. Inkatuluka kamodzi pa chaka, mwezi wa Novembala, pamene asilikali akale ankasonkhana m'tauni kukumbukira anzawo amene anafa. Ya amuna anga inali yobiriwira, yopanda mawanga, ndipo imeneyo inkabwera kunyumba Loweruka lililonse ili m'chikwama, kuchokera kukampu.

Sitachi tinkapanga tokha. Ndinkasenda chinangwa, kuchisinja, kufinya madzi ake, kenako kuwawiritsa mpaka atayamba kunanda. Zovala zikauma ndinkazisita ndi simbi ya makala, apongozi atakhala pakhonde, nkhope ataloza kumsewu koma maso ali pa ine.

"Mayi," ankatero, "buluku la msilikali likaikidwa pansi liziima lokha. Mwini wake azilipeza likumudikira."

Langa silinaimepo, koma chaka china linatsamira khoma kwa kanthawi ndipo ananditamanda.

Kusintha kunabwera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Loweruka lina masana amuna anga analowa pampanda atavala zovala zimene sindinawaonepo nazo, zamawangamawanga, pena pobiriwira, pena pakuda, pena pofiirira ngati dothi. Matumba anali paliponse, mpaka m'ntchafu. Apongozi anali pansi pa mtengo wa mango akukonza wailesi yawo. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kujombo.

"Wagwera mu chiyani?"

"Ni yunifomu ya manje, batata. Batipasa tonse."

"Nonse munagwera momwemo?"

Amuna anga, amene anabadwira m'tauni muno ndipo Chinyanja chawo ndi cha kuno, chotchula bambo kuti batata, anafotokoza mofatsa kuti mawangawo ndi oti mdani asakuone ukakhala m'tchire. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati zimenezo akuzidziwa, pakuti kunkhondo kwenikweniko nawonso ankavala chilichonse chimene chatsala pathupi. Chimene sankamvetsa n'chakuti munthu akuyenda m'msewu wa phula, wochokera kukampu kupita kwa mkazi wake, akubisalira ndani.

Pamaso pa bambo awo, amuna anga ankaiikira kumbuyo yunifolomuyo. Ankati ndi yopepuka, imauma msanga, asilikali a mayiko ena onse akuvala zotere. Kwa ine ankanena zina. Nsalu yake inali yosalowa mphepo, ndipo aliyense amene anakhalapo mu Livingstone mwezi wa Okutobala akudziwa tanthauzo la zimenezo. Koma chimene chinkawapweteka kwambiri chinali mizere ya pamkono. Anaivutikira zaka zambiri mizere itatu ya usajeni, ndipo pa malaya akale inkaonekera kutali. Pa atsopanowa inali yakuda pa nsalu yakudanso. Msika wonse unkawayesa msilikali wamba. Mayi wina wogulitsa tomato anawaitana kuti "iwe", iwo anabwera kunyumba osagula tomatoyo.

Lamulo linalinso lakuti zovala zatsopanozi zisaikidwe sitachi. Ine ndinalandira uthengawo ndi nkhope yachisoni monga zinkayenera, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukakhala pansi pang'ono osachita kanthu.

Zakale zija anauzidwa kuti akabweze kukampu. Lamulungu madzulo amuna anga anazitulutsa n'kuziika patebulo.

"Uzisite," anatero.

"Si mwati akukaziunjika mosungira katundu?"

"Sita chabe."

Ndinasinja chinangwa komaliza. Lolemba m'mawa anazinyamula pamkono, osati m'chikwama, kuti zisapindike. Apongozi anawaperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sankachita.

Chaka chotsatira mphepo yomweyo inafika kwa okalamba. Wapampando wa gulu la asilikali akale, bambo wina wamtali wa mtundu wa Alozi amene ankakhala chakufupi ndi dera la Highlands, anabwera panjinga ndi chimtolo kumbuyo. Anati gulu lagwirizana kuti kuyambira chaka chimenecho onse azivala mofanana pa tsiku lokumbukira: jekete yakuda, buluku lotuwa, ndi kachipewa kansalu kopendekera mbali. Majeketewo anali mphatso yochokera kunja, ndipo amene anawatumiza ayenera kuti ankaganiza kuti asilikali akale a kuno ndi anthu onenepa. Apongozi atayesa yawo, zala sizinatuluke.

"Yunifolomu ndili nayo," anatero, akuivula.

"Imwe muli nayo," anayankha wapampandoyo. "Ine yanga chiswe chinadya kale, bana bakali bang'ono. Chaka na chaka niimilila kumbuyo na jekete ya ku chalichi monga nabwela ku malilo ya muntu wina. Manje tonse tizaoneka basilikali."

Anawonjezera kuti boma limene linasoka makabudula aja linapita kale, ndiponso kuti miyendo ya okalamba si yoonetsa pagulu. Apongozi anati miyendo yawo inafika kumene jeketeyo sinafikeko. Anamwa tiyi limodzi mwamtendere, wapampando anasiya jekete pampando, anakwera njinga yake n'kumapita.

Tsikulo litafika ndinawaperekeza ine, chifukwa bondo lawo linali litayamba kuvuta. Anavala khaki yawo, mamendulo pachifuwa, chipewa chofiira pamutu. Pabwalo panali okalamba ovala zakuda, manja a majekete atapindira mkati, ndipo kunena zoona ankaoneka bwino. Ena amene kale ankabisala kumbuyo tsopano anali kutsogolo, zifuwa zili panja. Wapampando anawayang'ana apongozi, kenako anawaimika kumapeto kwa mzere. Mbali inayi kunali asilikali a kukampu ndi mawanga awo, amuna anga ali pakati pawo. Lipenga linalira, anthu anakhala chete, nkhata za maluwa zinaikidwa, akuluakulu anayankhula, dzuwa linatiwotcha tonse mofanana.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono kutsata msewu waukulu kuti tikakwere minibasi. Bondo lija linawakakamiza kupuma, ndipo tinaima pamthunzi, pafupi ndi khomo la hotela ina. Hotelayo inali itangogulidwa ndi eni atsopano. Chimene sitinkadziwa n'chakuti eni akewo anawasokera antchito a pakhomo zovala zoti alendo azisangalala nazo: malaya a khaki, kabudula wotambalala, nsalu zokulunga m'miyendo, ndi chipewa chofiira cha mphonje. Wapakhomoyo panthawiyo anali atalowa mkati.

Galimoto ya alendo inaima, yochokera kumathithi otchuka a kuno. Anatsika azungu ofiira ndi dzuwa, atanyamula ziboliboli zogula kumudzi wa Mukuni. Mayi wina wachikulire, wa nkhope yabwino ndithu, anayang'ana uku ndi uku, anawaona apongozi, anamwetulira, n'kuwapatsa chikwama chake ndi mvuu yamtengo.

Ine ndinatsegula pakamwa, koma Chingelezi changa chimachedwa kubwera ndikakwiya. Apongozi analandira katunduyo. Anandipatsa ndodo yawo kuti ndigwire, anawongoka, n'kuyamba kuyenda kulowa mu hotela, chikwama kudzanja lamanja, mvuu m'khwapa, mamendulo akulira pachifuwa. Bondo silinatsimphine ngakhale pang'ono. Anakaika zonse patebulo lolandirira alendo. Mayi uja anatambasula dzanja kuti awapatse kenakake, koma manja awo anali atabwerera kale m'mbali mwa kabudula. Anamenya saluti, anatembenuka, anatuluka.

Pakhomo anakumana ndi mwini ntchitoyo akubwera chothamanga. Anali bambo wamkulu ndithu, Mtonga amene ndinkamuona nthawi zina kumsika. Anaima maso ndi maso, zovala zofanana, kungoti za apongozi zinali zotuwa ndi ukalamba ndipo za mnzawoyo zinali zonyezimira.

"Pepani batata," anatero wapakhomo. "Sibanazibe."

"Unamenya kuti nkhondo?"

"Sininamenye, batata. Ni ya nchito chabe. Batipasa ba manija."

Apongozi anayang'ana chipewa chake.

"Chipewacho chikukuwotcha?"

"Maningi."

"Chimawotcha," anavomereza. Anatenga ndodo yawo kwa ine, tinapitiriza ulendo, ndipo kutsimphina kunabwerera tisanafike pakona.

Titafika kunyumba apongozi anavula zonse, anazipinda okha, anazibwezera m'bokosi osandiuza kuti ndichape. Madzulo amuna anga atabwera ndinawafotokozera kuseri, ndipo magazi awo anawira. Anayamba kumanganso zingwe za jombo, akuti akupita kukaonana ndi manija wa hotelayo.

"Khala pansi," anatero apongozi ali m'chipinda. "Ndi zamawanga zakozo sakakuona n'komwe."

Kenako anatuluka, atavala malaya awo a masiku onse, anakhala pampando wawo.

"Mayi uja sanalakwe," anatero. "Ngakhale kale, titavala zomwezi, tinkawanyamulira katundu. Ndinali nditangoiwala."

Amuna anga anamasula zingwe zija. Tinadya, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso m'nyumba mwathu.

Novembala wotsatira anandituma kwa telala wa kumsika kuti akafupikitse manja a jekete yakuda ija. Ataivala anadziyang'ana pagalasi la kabati n'kunena kuti akuoneka ngati mkulu wa mpingo amene akupita kukaweruza mlandu wa chigololo. Anapita nayo. Wapampando anawaimika pakati pa mzere, pafupi ndi iye mwini. Atabwerako ndinawafunsa kuti zayenda bwanji. Anati zoyankhula za akuluakulu zinali zomwe zija, koma buluku lili ndi ubwino umodzi, ntchentche sizikuluma m'mawondo.

Nyengo ya Pasaka itayandikira, mkulu wa kwaya ya kumpingo kwathu anabwera kunyumba. Ankakonza sewero la masautso a Ambuye la Lachisanu Loyera, ndipo ankasowa chovala cha msilikali wa Chiroma. Zaka zonse asilikaliwo ankavala makatoni opaka utoto, koma chaka chapitacho mvula inagwa, asilikali anasungunuka Ambuye asanapachikidwe. Anapempha ngati amuna anga angawabwereketse yunifolomu yawo. Amuna anga anati lamulo sililola munthu wamba kuvala zimenezo, angamangidwe onse awiri, wobwereka ndi wobwereketsa. Mkulu wa kwaya anali atayamba kutsazika pamene tinamva bokosi lachitsulo likukokedwa pansi m'chipinda.

"Tengani iyi," anatero apongozi. "Boma lake kulibe. Palibe amene angakumangeni."

Mamendulo okha anawachotsa n'kuwaika m'thumba la jekete yakuda.

Amene anasankhidwa kukhala msilikali anali bambo wina woyendetsa takisi, woimba besi mu kwaya, wa mimba yotsogola. Kabudula sanatseke, anachita kumumanga ndi chingwe cha nsapato. Pa tsikulo tinakhala kutsogolo, ine, amuna anga ndi apongozi. Msilikaliyo analowa ndi chipewa chofiira ndi mkondo wa nsungwi, ndipo okalamba angapo mu tchalitchi anawongoka pamipando yawo osadziwa. Anagwira Ambuye m'munda, anawatengera kwa Pilato, anawakwapula ndi chikoti cha nsalu mwakhama kwambiri, mpaka azimayi ena kumbuyo anayamba kumutukwana ndi dzina lake lenileni. Apongozi anaonera zonse manja ali pandodo, osaphethira.

Potuluka woyendetsa takisi uja anabwera kudzawapatsa moni, thukuta lili chuchuchu, chipewa chili m'manja. Anafunsa ngati wachita bwino.

"Kuima waima bwino," anatero apongozi. "Koma Ambuye wawamenya mopitirira. Unalamulidwa kukwapula, sunalamulidwe kusangalala."

Bamboyo analonjeza kuti chaka chamawa adzachepetsa. Anafunsanso kuti zovalazo azibweretse liti kunyumba akazichapa. Apongozi anati azisunge konko kumpingo, m'kachipinda kosungiramo ng'oma, popeza Ambuye amapachikidwa chaka ndi chaka.