Owonera Asanu ndi Anayi a Zahari

Pa 14 Meyi chaka chino, komiti yokonza chikondwerero cha tauni yathu inafufuta dzina la Zahari Pehlivanov pa mndandanda wa oyimba. Kalata yake inali ya mizere itatu: aliyense wokwera pansanja akhale ndi omutsatira pa intaneti osachepera chikwi chimodzi. Zahari ali nawo asanu ndi anayi.

Ndinene poyamba kuti munthuyu si bwenzi langa. Ndinamuphunzitsa mbiri yakale zaka zitatu, osagwirapo kanthu, ndipo mu 1971 anaswa windo la kalasi yanga. Mpaka lero sanapepese. Amadula makiyi m'kashopu ka pafupi ndi siteshoni ya basi. Anabadwira ku Varbets, mudzi umene unamira damu litamangidwa, iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anthu a kumeneko anabalalika, ena m'mafuleti a m'tauni muno, ena pa ukalamba anatsatira ana awo ku Sipeni.

Lachitatu lililonse masana amatseka shopu kwa ola limodzi. Amatsamiritsa foni pa botolo lopanda kanthu, n'kukunga zingwe za gadulka yake, chida choimbira chokhwekhweza ndi uta, n'kujambula nyimbo imodzi ya kwawo monga anamuphunzitsira amalume ake, n'kuiika pa intaneti. Wachita zimenezi zaka zinayi. Owonera poyamba anali khumi ndi awiri. Chiwerengero chikatsika, n'kukhala chotsikabe milungu iwiri, Zahari amaimba mafoni kufunsa kuti wamwalira ndani. Wafunsa katatu, ndipo katatu konse kunalidi maliro.

Mlembi wa komiti, Mayi Denitsa Arnaudova, anamulangizapo kuti azidula nyimbo zikhale za theka la mphindi, komanso azimwetulira. Anayesa kamodzi ndi nyimbo ya ukwati ya ndime khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku lomwelo agogo a Tsvyata, mmodzi mwa owonerawo, a zaka 91, anamuimbira foni kuchokera kunyumba yosungirako okalamba.

"Iwe mwana wa Gergin, wasiya mkwati asanavale n'nsapato zomwe! Akafika bwanji kutchalitchi? Ndipo ukusekerera chiyani, mano akewo ali kuti?"

Mlungu wotsatira anaimba ndime zonse, nkhope ili gwa.

Nditamva za kalata ya komiti ndinapita kushopu. Ndinamupeza akupaka utomoni pa uta wa gadulka.

"Akukana, ndiye ukuvutikiranji?" ndinamufunsa.

"Lero n'Lachitatu, aphunzitsi."

"Anthu asanu ndi anayi! Pamaliro a mphaka pamabwera ambiri kuposa pamenepo."

"Asanu ndi atatu ndi a ku Varbets," anatero, n'kundiyang'ana m'maso. "Winayo ndi nkhalamba ina yake, imadina chala chozondoka chosonyeza kuti nyimboyo sinaikonde, mlungu uliwonse, osaphonya. Kaya ndi ndani kaya."

"Umathamangitsa nyimbo. Amalume ako sankaimba choncho."

"Ndiye khalani apo muwongolere. Koma musatsokomole, foni imagwira zonse."

Iye sanadandaule kwa wina aliyense, ndipo sadzadandaula. Anali choncho ngakhale kusukulu: ukamukalipira ankangoyang'ana pawindo. Koma nkhaniyi si ya iye yekha. Anthu asanu ndi atatu aja sanakhalepo pamalo amodzi chimirireni mudzi wawo. Atamva m'Febuluwale kuti Zahari adzaimba pachikondwerero mu Seputembala, anagwirizana zodzakumana kumeneko. Awiri a ku Sipeni, ana awo anavomera kuwaperekeza. Osamalira agogo a Tsvyata analonjeza njinga ya olumala ndi galimoto. Tsopano onse akudikira, ndipo pa msinkhu umenewo chaka chamawa si chinthu chouzana.

Ndalembera komiti kawiri, pa 16 Meyi ndi pa 2 Juni. Yankho palibe. A ku Sipeni ayenera kudziwa mwezi uno usanathe ngati anyamuke kapena ayi. Choncho ndikufunsa Mayi Arnaudova andiyankhe polemba, siginecha yawo ili m'munsi: kodi Zahari Pehlivanov apatsidwa mphindi makumi awiri pansanja, inde kapena ayi?