Dzina la Mwana Wathu Litatuluka pa Maere

Mwana wathu wamkazi atayamba sekondale ku Rotherham, kuno ku England, bambo ake sankagona tulo chifukwa cha sukulu ina ya ku Sheffield imene anzathu a kutchalitchi ankaitama pakamwa posatseka. Kumeneko malo akapezeka sankayang'ana nzeru za mwana, ankangochita maere. Tinalembetsa dzina mongoyesera, ine nditavala kale yunifomu ya unamwino ndikuthamangira basi, ndipo ndinaiwalako. Kenako dzina linatuluka. Anatipatsa mpaka Lachisanu kuti tivomere kapena tikane.

Sabata imeneyo mtima wanga unali m'malere. Mwanayu anali atangoyamba kumene kumasuka. Tinabwera naye kuchokera ku Malawi ali wamng'ono, ndipo kwa nthawi yaitali ankadya yekha pa nthawi yopuma, mpaka anapeza mnzake mmodzi, kamtsikana ka tsitsi lofiira ka mumsewu mwathu momwemo. Ankapita limodzi wapansi, akuseka zinthu zimene ine sindinkazimva. Sukulu yatsopanoyo inali ya basi ndi thiramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, ndipo m'nyengo yozizira akanamanyamuka kusanache. Ndikakhala m'wodi ndinkati asapite. Ndikaweruka n'kuona ana a sukulu yake ya ku Rotherham akusuta fodya pasiteji ndinkati apite mawa lomwe. Ndinkafika pakhomo nditasintha maganizo kangapo, nsapato ndisanavule n'komwe.

Mwamuna wanga ankafuna kuti apite basi. Ataona kuti sindikupindika, anafewetsa mawu nati mutu umodzi susenza denga, tiwaimbire achimwene anga ku Dedza. Kwathu mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo nkhani yaikulu sidutsa amalume asanaimve, ngakhale amalumewo sanaonepo thiramu chibadwire. Ndikanakana bwanji mwambo wa kwathu komwe? Ndinakagula khadi yoimbira foni pasitolo ya pakona.

Ndinafotokoza mwachifatse kuti ndi maere chabe, kuti dzina lililonse likanatha kutuluka. Achimwene sizinawalowe. Iwo amadziwa kuti mwana amapita ku sekondale yabwino chifukwa wakhoza mayeso kuposa anzake, ndipo zikatero mudzi wonse umanyadira.

"Achemwali, mukufunsanso chiyani pamenepa?" anatero. "Mwana wapambana ana a azungu kwawo komwe, inu mukufuna mumubweze?"

Khadi inatha ndili pakati pa kuyankha.

Tsiku lotsatira foni sinapume. Amayi anga anali atauza kale amayi a mvano, ndipo anali atapempherera mdzukulu wawo wanzeru. Msuweni wanga wa ku Bolton, konkuno ku England, anaimba kudzatiyamikira, nkhani ataimvera ku Dedza, pamene ife tili pafupi pompano. Achimwene akuti anapha nkhuku. Ndinayesa kuganiza mmene ndingaimbirenso kuti takana, kuti nkhukuyo yafa pachabe chifukwa cha kamtsikana ka tsitsi lofiira, koma mawu ake sankabwera.

Ndinapsa mtima kwambiri ndi mwamuna wanga. Munthuyu pa zaka zonse zija sanafunsepo alamu ake ngakhale za nsapato za mwana, lero wakumbukira mwambo? Ankadziwa bwino lomwe zimene achimwene adzanene. Ndinamuuza zimenezi m'khitchini, iye anangoti madzi akatayika saoleka, akupaka majarini pa buledi. Lachisanu tinavomera.

Mwanayo tinamuuza atabwera kusukulu, chikwama chili kumsana. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Sanalire. Anafunsa kuti wagamula zimenezi ndani, bambo ake n'kuyankha msangamsanga kuti amalume ako. Mwanayo anapita pakhoma pamene tinapachika chithunzi cha ukwati wathu, chija abale onse anaima mondondozana panja pa tchalitchi. Anandiitana n'kundifunsa kuti amalumewo ndi ati mwa azibambo amenewa.

Ndinamulozera. Anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope ili pafupi ndi galasi, kenako anandipempha ngati angapite kukauza mnzake yekha, asanamve kwa anthu ena.