Kapitawo ndi Njerwa Zake za pa Khirisimasi

Mwana wa mlongo wanga ndi mmisiri womanga nyumba. Kuntchito amamutchula kuti Kapitawo, ndipo ife kunyumba tinangotengera pomwepo, chifukwa ngakhale akhale pa tebulo kudya, maso ake amakhala ali pakhoma kusaka pokhota. Anabadwa choncho. Ali ndi zaka zinayi anatola sopo yense wa amayi ake, namanga naye kanyumba ka zipinda ziwiri ndi khonde pakati pa bafa, ndipo banja lonse linatha sabata osasamba chifukwa mwini nyumba anakana kugumula.

Atakula anapita kusukulu ya ntchito zamanja, mtsikana yekha pakati pa anyamata makumi atatu. Lero ali ndi gulu lakelake la amisiri, azibambo andevu zawo, amene akangomva nsapato zake pamiyala amameza ndudu zili chiyakire. Khoma likakhota ngakhale ndi katsitsi kamodzi, amaligwetsa ndi phazi, kenaka n'kufunsa mwaulemu kuti anamanga ndani. Khitchini ya amayi ake anaimanga yekha, ndipo ndikukuuzani, tsiku lomaliza dziko likadzatha, padzatsala khitchini imeneyo ili chilili pakati pa mlengalenga.

Vuto la mwanayu ndi limodzi lokha: amatikonda kwambiri. Ndipo chikondi chakecho chimatulukira m'mabisiketi a pa Khirisimasi.

Zinayamba zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, atagulira amayi ake chitofu chokhala ndi uvuni. Kuyambira pamenepo, Khirisimasi iliyonse amadzitsekera m'khitchini, amayi ake saloledwa ngakhale kusuzumira. Ufa amauyeza m'kapu n'kusalaza pamwamba ndi lula. Akathira batala, shuga ndi mazira, amakanda ngati akusakaniza simenti ya maziko: ola lathunthu, thukuta kamukamu, tebulo likulira miyendo. Akafalitsa ndi botolo amaikapo levulo yoonera ngati paliponse pafanana. Inde, levulo yomwe ija ya kuntchito, amangoitsuka. Kenaka amadula nyenyezi, mabelu ndi timitengo ndi tizitsulo timene anapinda yekha, zonse zofanana ngati asilikali pa perete. Kuziona, mate amachita kudzadza m'kamwa.

Koma pali lamulo la amisiri limene iye analowa nalo m'khitchini: njerwa yopsa bwino imalira. Ndiye amatulutsa thireyi, n'kugogoda nyenyezi imodzi ndi supuni. Ikapanda kulira kuti ngwe! thireyi yonse imabwerera pamoto.

Abale anga, mabisiketi amenewo! Limodzi lakhala pansi pa mwendo wa kabati yanga zaka zitatu, kabati yatha ndi chiswe, bisiketi lili gwa. Khoswe wina anaba belu limodzi, m'mawa tinamuona akusamuka ndi banja lake lonse atamanga nsalu kuchibwano. Kapitawo mwiniwake sankadziwa kanthu, poti mano ake ndi amene amadulira waya kuntchito. Amatafuna youma, khukhuru khukhuru, n'kumati, "Chaka chino zapsa bwino."

Nanga ndani akanamuuza, mwana atatuluka m'khitchini ufa uli mbuu m'nsidze, akumwetulira ngati wapatsidwa makiyi a kumwamba? Nkhanga zinapangana kusanapse. Mlongo wanga anayamba kuphika zakumwa zotentha: tiyi wa jinja woyabwa kukhosi, mkaka wowiritsa ndi sinamoni, koko wolemera wokhala ngati matope a m'dambo, ndi madzi a mandimu ndi uchi a odwala chimfine. Anansi amati ndife banja lokonda zakumwa. Ayi ndithu, zinali zida zodzitetezera. Umanyika bisiketi m'kapu, n'kumacheza ngati palibe kanthu, uku ukuwerenga chamumtima mpaka makumi anayi. Mu koko, makumi asanu ndi limodzi. Ukatero limafewa pang'ono moti dzino limatha kupempha njira.

Tinakhala choncho mwamtendere mpaka kunabwera Telala.

Telala ndi mnyamata wofatsa, wowonda ngati singano yake yomwe, amene ali ndi makina ake pakhonde la sitolo ya nsalu. Anadziwana ndi Kapitawo pamene ankamusokera ovolosi, ndipo pa kuyeza ndi kuyezanso, mtima unasokerera pomwepo. Khirisimasi ziwiri wadya nafe, akunyika ngati wobadwira m'banja mwathu. Chaka chino ananena kuti abwera ndi amayi ake kuti adzaone kumene akufuna kukwatira.

Amayi akewo ndi mphunzitsi wopuma, ndipo nkhaniyi sinawalowe bwino. Mawu awo anatipeza asanafike eni ake. Akuti anafunsa kuti, "Mtsikana wakoyo, m'khitchini amalowamo, kapena amangoimanga?"

Kapitawo anawamva mawuwo. Anangopita kukagula ufa. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi anaphika mathireyi asanu ndi limodzi, onse olira ngwe! ngati mabelu a tchalitchi chachikulu. Yankho lake kwa mayi aja linali limenelo, ndipo ukwati wake unatsamira pamenepo.

M'mawa wa Khirisimasi mlongo wanga anandikokera kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanika zovala.

"Achimwene, alendo afika folo koloko. Mayi aja angoikitsa mano atsopano mwezi wathawu. Akangoluma kamodzi, ukwati wathera pa mbale. Kamuuzeni."

"Ine? Achemwali, munamubereka ndinu."

"Ine ndinabereka, inu ndinu malume. Ntchito yanu ndi chiyani pabanja pano, kungomaliza nyama?"

Ndinayang'ana kumwamba, thandizo silinabwere. Ndinalowa m'khitchini. Kapitawo anali kusanja nyenyezi zake m'mbale, mzere ndi mzere, akuyimba.

"Amalume, talawani imodzi. Chaka chino ndawonjezera mphindi khumi."

"Mwanangu," ndinatero, "wakutsina khutu ndi mnansi. Tandipatsa msomali uwo uli pawindo."

Anandipatsa. Ndinauimika pa thabwa lodulirapo anyezi, ndinatenga belu limodzi m'mbale, kho! kho! kho! Msomali unalowa mpaka mutu. Belu silinagwetse ngakhale kanyenyeswa.

Kapitawo anayang'ana msomali, nayang'ana belu.

"Mukutanthauza chiyani, amalume?"

"Ndikutanthauza kuti ndiwe mmisiri wabwino kwambiri. Izi ndi njerwa, mwanangu. Zokoma, za shuga, koma njerwa."

"Si mumadya chaka ndi chaka? Mumachita kupempha zina!"

"Timanyika."

"Si mumakonda tiyi wa jinja?"

"Jinja amandipatsa chilungulira. Ndakhala ndikumwa ngati mankhwala."

Anatembenukira kwa amayi ake, amene anaima pakhomo atagwira ketulo ngati chishango. Mlongo wanga anayang'ana pansi.

"Zaka zisanu ndi zinayi!" Mawu ake anagwedeza mapoto pa shelefu. "Kuntchito khoma likakhota timanena pa mzere wachitatu! Inu mwandisiya ndimange mpaka pamwamba, ndifolere, ndipake penti, anthu alowemo, abereke ana, anawo ayambe sukulu, ndiye lero mukuti maziko ndi okhota? Lero? Alendo ali m'njira?"

Anakhala pa mpando. Sindinamuonepo akulira chiyambire kuyenda, koma apa maso anali psuu. "Ndiye mayi aja ananena zoona," anatero motsitsa. "Ndimangoimanga."

Mlongo wanga anaika ketulo pansi. "Talakwa ife, mwanangu. Koma ufa ulipo. Ine ndimadziwa kuphika mabisiketi, kungoti unkanditsekera panja."

Kapitawo anayang'ana wotchi. Leveni koloko. Anapukuta m'maso ndi mkono, nadzuka, ndipo amene anadzukayo anali Kapitawo wa kuntchito.

"Gumulani! Zonsezi m'chidebe. Amayi, sambani m'manja, lero kapitawo ndinu. Amalume, batala watha, thamangani kugolosale. Thamangani, osati kayendedwe kanu kopatsa moni mtengo uliwonse kaja!"

Ndinathamanga, abale. Ndinapitirira njinga ziwiri ndi galimoto, chithunzithunzi changa chinatsalira pa mphambano ndipo ndinachipeza pobwerera chikupuma.

Tsopano phunziro linayamba. Mlongo wanga anamuuza kuti apikise batala mu ufa ndi nsonga za zala zokha, mopepuka, ngati akusisita mutu wa khanda. Zitangogwirana anakuwa, "Basi! Chotsa manja!"

"Basi chiyani? Sizinasakanikirane izi! Onani zibuluma!"

"Ukakanda kwambiri zimalimba. Manja kumbuyo!"

Kapitawo anaika manja kumbuyo, koma zala zinali kukanda mpweya zokha. Levulo anamulola, poti mlongo wanga anati siipha munthu. Anadula nyenyezi, thireyi inalowa mu uvuni, ndipo nyumba yonse inadzadza fungo la batala ndi sinamoni moti galu wa anansi anabwera kudzapempha ntchito.

Patangotha mphindi khumi ndi ziwiri, m'mphepete mwa nyenyezi mutangoyamba kufiirira, mlongo wanga anatulutsa thireyi. Kapitawo anadina imodzi ndi chala. Chala chinalowa.

"Zaziwisi! Bwezerani!"

"Zilimba zikazizira."

"Amayi, chinthu chofewa chonchi ine sindingasainire! Bwezerani!"

Analanda thireyi. Apa m'pamene malume anagwira ntchito yake: ndinakhala pansi kutsogolo kwa uvuni, msana pachitseko, ndipo ndinati, "Udutse pa mtembo wanga." Msana unapsa, malaya a Khirisimasi anasanduka tositi, koma sindinasunthe. Anazungulira khitchini ndi thireyi m'manja ngati nkhuku yosowa poikira, kenaka anaiika pawindo, naima pamenepo akuiyang'anitsitsa ngati wakuba amene angathawe.

Patapita kanthawi anatola imodzi. Inali italimba, koma mwaulemu. Analuma. Inasungunuka pakamwa asanaitafune. 

"Nyumba yotere singathe dzinja limodzi," anatero. Kenaka anatenga yachiwiri.

Kuyambira pamenepo kunali liwiro lokhalokha. Mathireyi kulowa, mathireyi kutuluka, mkaka kufufuma pamoto, mlongo wanga kusinja jinja, ine kulawa kuti pasapezeke cholakwika. Kapitawo anasamba, navala diresi limene anamusokera Telala, ndipo ankayenda nalo mosamala ngati wasenza galasi la windo.

Folo koloko yeniyeni, odi pakhomo. Mayi aja analowa atawongoka ngati lula, chikwama m'khwapa, mano atsopano ali mbee. Telala anali pambuyo, akutuluka thukuta. Titalonjerana, Kapitawo anabweretsa thireyi ya makapu ndi mbale ya nyenyezi.

"Amayi, kuli tiyi wa jinja, koko, ndi mkaka wa sinamoni."

"Wa jinja, mwanawe." Anayang'ana mbale ija monga munthu amayang'anira mtsinje wodzadza umene ayenera kuwoloka. "Ndipo awa ndi mabisiketi aja ndinamva mbiri yake."

Anatola nyenyezi imodzi, naimiza m'kapu, naigwira pomwepo. Milomo yawo inayamba kugwedera pang'onopang'ono. Ine ndi mlongo wanga tinayang'anana. Mayiwa ankawerenga!

Sanafike ngakhale pa sikisi. Nyenyezi inangoti chubwi! pansi pa kapu, tiyi n'kuwathovukira pa bulauzi. M'zala munatsala kanyanga kamodzi.

Anayang'ana kanyangako. Anayang'ana m'kapu. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, si unati ndiwerenge mpaka makumi anayi?"

Telala anafupika mpaka kutsala kolala yokha.

"Nanunso, a Telala?" anatero Kapitawo, mawu ali ozizira ngati simenti ya m'mawa.

"Ine... ndimafuna kuteteza mbali zonse ziwiri."

"Wandiphunzitsa njira yonse m'basi," mayi aja anatero. "Akuti, 'Amayi, musalume youma, mungafe.' Ndabwera ndi mano akale m'chikwama kuti atsopanowa asavulale!"

Ine ndinayesa kugwira kuseka, koma koko anatulukira m'mphuno. Mayi aja anatola nyenyezi ina, nailuma youma, mosamala. Anatafuna. Anatseka maso. Anatola ina.

"Nanga bodza limeneli wandinamiziranji? Mwanawe, waphika ndiwe izi?"

Apa mlongo wanga anayankha msanga kuti, "Eya, ndi iyeyu," koma Kapitawo anakweza dzanja.

"Manja ndi anga, amayi, koma nzeru ndi za amayi angawa. Ndaphunzira lero m'mawa. A Telala sananame. Amene ndakhala ndikuphika zaka zonsezi ali m'chidebe kukhitchini. Palibe anandiuza mpaka lero."

"Kanditengere limodzi."

Anabwera nalo. Mayi aja analitembenuza uku ndi uku, naligogoda pa mkono wa mpando. Ngwe! Anaseka mpaka anagwira mano ndi dzanja kuti asagwe.

"Ndiye unauzidwa m'mawa, n'kutaya zonse, n'kuyambiranso?"

"Chokhota timagumula, amayi."

"Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu," mayi aja anatero akupukuta misozi. "Ana ouzidwa kuti walakwa n'kufufuta tsamba lonse osanyinyirika sakwana zala za dzanja ili. Uyu wangayu ukamuuza kuti mwendo wa thalauza watalika, amati ndiwe wafupika." Anasuntha pa sofa, namenya pambali pawo. "Bwera ukhale apa, mwana wanga. Amake mwana, tithirireni wina wotentha, tikambirane za tsiku la ukwati."

Kapitawo anakhala, nkhope ikuwala ngati khoma lopaka kumene laimu. Koma asanamwe, anatambasula dzanja, natenga kapu ya Telala, namuikira m'manja bisiketi la m'chidebe lija.

"Idyani, a Telala. Youma."

Telala anayang'ana kwa amayi ake kupempha chifundo. Amayi ake anakokera ketulo kumbali kwawo.