Kathumba ka m'Kamisolo wa Amayi

Chingwe chija ndimachikumbukirabe. Chinali mphepete ya chitenje chakale chobiriwira, amayi anachita kung'amba ndi mano, ndipo anamangapo mfundo ziwiri. N'chimene tinkapita nacho kumsika wa ku Mangochi pofunafuna kamisolo wa amayi, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4.

Abambo anali ku Joni. Amayi anali atangobwera kumene kuchokera kuchipatala ku Blantyre, kumene anawaperekeza amjomba, mlongo wawo. Ana tinangouzidwa kuti amayi akudwala chifuwa. Lero ndine munthu wamkulu, ndinganene poyera: anali ndi khansa, ndipo madokotala anawachotsa bere lakumanzere. Ankadziwa ndi amjomba okha. Abambo pafoni anangouzidwa kuti opaleshoni yayenda bwino, koma chimene chachotsedwa sanauzidwe. Amayi ankaopa. Kwathu ku Nkope tinali titaona amuna obwera ku Joni akusiya akazi opanda chilema chilichonse n'kukakwatira ena. Nanga iwo akanalimba mtima bwanji? Ndiye uthenga unafika wakuti abambo abwera kudzadya nafe Idi.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa zimene ndinkaona, ndipo wondimasulira zimene ndinkaonazo anali azakhali, mlongo wawo wa abambo. Anabwera kudzatisamala amayi ali kuchipatala, amayi atabwera iwo sanachoke. Amati mlendo ndi mame, koma azakhali anga dzuwa linkawaomba osauma. Ankakhala pakhonde akusenda chinangwa, maso ali kwa amayi.

Zokayikitsa zinalipodi. Amayi anasiya kukasamba kunyanja ndi amayi anzawo, ankasamba kubafa atatchinga khomo ndi mphasa. Anasiya kusenza ndowa. Kutenthe chotani, mtandio wawo, nsalu yofunda kumutu ndi m'mapewa, sunkachoka paphewa, unkaphimba mpaka pamimba. Ngakhale ine, amene kale ndinkawasambitsa kumsana, anayamba kunditulutsa m'chipinda akamavala.

"Munthu akayamba kubisa thupi kwa akazi anzake, ndiye kuti alipo amene akumusungira," ankatero azakhali, ngati akulankhula ndi chinangwa.

Tsiku limene amayi anang'amba chingwe chija anandiitanira kuchipinda. Sanavule bulauzi. Anazunguliza chingwe m'munsi mwa chifuwa, n'kundiuza kuti ndione ngati chagona bwino kumsana, osakwera, osatsika. Anamanga mfundo yoyamba. Kenako anandigwiritsa nsonga pakati pa msana, pafupa penipeni, iwo n'kukoka chingwe kudzera kukhwapa lamanja mpaka pakati pa chifuwa. Anachipinda pawiri ndi kumanga mfundo yachiwiri. Ndinafunsa chifukwa chake tikuyeza mbali imodzi yokha. Anati mbali inayo ndi chimodzimodzi. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kukhoma. Ndinadziwa kuti andinamiza, ndipo zinandiwawa.

Titabwerako kumsika ulendo woyamba, azakhali anandikokera kuseri kwa khitchini. Anafuna kudziwa amene tinakumana naye, amene anatipatsa moni, ngati amayi anandisiya penapake ndekha. Ndinati tinangopita pakaunjika.

"Kukagula chiyani?"

"Kamisolo."

"Kamisolo! Mwamuna ali ku Joni, mwezi wosala uno, munthu akutchenera ndani m'kati mwa zovala?"

Funso limenelo linandilowa m'mutu, ndipo ndinkapita nalo kulikonse.

Pakaunjikapo panali mayi wina wonenepa amene ankagulitsa makamisolo atawaunjika papepala la pulasitiki. Makamisolowo ankanunkha mankhwala a m'mabelo, fungo loyabwa m'mphuno. Akazi ena ankangosankha, kuyesa pamwamba pa diresi, kuseka, kulipira n'kumapita. Amayi ayi. Ankayala chingwe chawo pa kamisolo aliyense, n'kumapapasa m'kati ndi zala ngati akusankha nsomba. Woyamba amene tinagula anali ndi waya. Anamuvala tsiku limodzi, madzulo ndinamupeza ali pansi pa bedi. Wayayo ankadinda pachilonda, koma ine ndinangoona munthu wotaya chinthu chatsopano. Wachiwiri anali wamkulu, lamba wake ankakwera kumsana. Wogulitsa uja anatopa nafe, anati, "Mayi, inu mukufuna wotani kodi? Sayizi yanu ndi yomweyi, chingwe chanu chomwe chikunena." Amayi anangoti akufuna wopanda waya, wa zingwe zazikulu za paphewa, wotseka pachifuwa ponse. Nambala ya sayiziyo inali yoona, koma kamisolo amasokedwera munthu wa mabere awiri, ndipo zimenezo amayi sakanazinena pakati pa msika.

Atamupeza wotere sitinabwerere kunyumba. Tinayenda mpaka kwa Mponda, kunyumba ina yofolera udzu, kwa mayi wosoka amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Anandikhazika panja pa mpando ndi kundipatsa bwemba. Iwo analowa, n'kutsitsa katani. Ndinamva makina akulira, kenako zii. Ndinamva mayi uja akuti, "Thonje lokha likupepuka, lizikwera m'mwamba. Tiikemo mpunga pang'ono kuti lilemere." Ndinamva akuti kwezani dzanja, weramani, lowetsani zala ziwiri pansi pa lamba, zikalowa bwino ndiye kuti wakwana. Kenako ndinamva amayi akuseka.

Chibwerere ku Blantyre anali asanasekepo. Sanaseke ndi ine, sanaseke ndi mng'ono wanga, koma anakaseka kuseri kwa katani m'nyumba ya eni. Ndinasuzumira pansi pa kataniyo kuti ndione ngati muli mapazi a mwamuna. Ndinaona mapazi a akazi awiri basi, koma mtima sunakhazikike. Ndinaganiza kuti mwina wakwera pabedi.

Amayi anatuluka mtandio uli m'khosi mokha, mapewa ali chilili, akuyenda ngati kale. Pobwerera anandigulira sobo. Anakongola amayi anga tsiku limenelo, ndipo ine ndinakwiya nako kukongolako. Ndikaganiza lero ndimamva chisoni: munthu anali atapeza chinthu chomukwana patapita miyezi akuyenda chowerama, mwana wake ali pambali kumuyang'ana ngati wakuba.

Azakhali nawo anaona kusinthako. Anangoyamba kusesa m'chipinda cha amayi, ntchito imene chifikireni anali asanaigwirepo.

Tsiku lofika abambo, m'mawa, amayi ali kubafa, azakhali anatuluka m'nyumba atanyamula kamisolo uja ndi zala ziwiri. M'chikho chakumanzere munali thumba losokerera, ndipo m'menemo anasololamo kathumba ka nsalu yofewa, kozungulira, kolemera.

"Ndinanena ine! Chithumwa ichi. Akufuna mchimwene wanga akafika apusitsidwe, asaone kanthu."

Anatenga lumo n'kukang'amba. Munatuluka thonje ndi mpunga woyera, unamwazika pabwalo, nkhuku n'kuthamangira. Anafufuza ndi chala kufuna mizu kapena kapepala kolembedwa, sanapeze. Anati mankhwala enieni saoneka ndi maso. Ine ndinavomereza mumtima.

Amayi anatuluka kubafa atadziphimba mpaka m'khosi. Anayang'ana nkhuku zikutola mpunga, anayang'ana azakhali. Analowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Kumsewu kukalandira abambo sanapite, tinapita ndi amjomba.

Abambo anafika masana, fumbi lili m'tsitsi, zikwama zili pa njinga ziwiri za kabaza. Asanakhale n'komwe, azakhali anawaika kansalu kong'ambika kaja m'manja ndi kuyamba kufotokoza zonse: za kubafa, za maulendo a kumsika, za kutchena. Anthu oyandikana nafe anali atabwera kudzalonjera, onse anamva. Amjomba anafuna kulankhula, koma mawu a amayi anamveka kuchokera m'nyumba.

"Asiyeni, achimwene. Bambo a ana, lowani muno mudzaone nokha."

Abambo analowa, chitseko chinatsekedwa. Tinadikira. Olonjera aja sanachoke, ankangonamizira kuyang'ana zikwama. Azakhali anapinda manja, akudikira phokoso. Ine ndinkadziwa kuti abambo akatuluka atakwiya ndiye kuti banja lathu latha, ndipo sindinkadziwa kuti ndikhala mbali ya ndani.

Phokoso silinamveke. Abambo anatuluka maso ali ofiira, kansalu kaja kali m'manja. Sanayang'ane azakhali. Anandiitana ine.

"Kanditengere singano ndi ulusi. Ubweretsenso mpunga m'kapu."

Anakhala pakhonde ndi jekete lawo la paulendo, nsapato asanavule. Anatola thonje lija pansi, kulikuntha fumbi, kulibwezera m'kathumba. Anathiramo mpunga, kuyesa kulemera kwake padzanja, kuchotsako pang'ono, kufunsa chapakhomo ngati kanali kolemera chonchi. Amayi anayankha m'katimo kuti awonjezere. Anawonjezera. Kenako anayamba kusoka, anthu onse akuona, mwamuna wamkulu wochokera ku Joni, mpaka anadzibaya chala.

Azakhali anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Waona? Amugwira kale."

Ndinayang'ana abambo anga akuluma ulusi ndi mano, misozi ikugwera pansalu, ndipo ndinachita mantha kwambiri. Ndinakhulupirira kuti azakhali akunena zoona, kuti amayi ali ndi mankhwala oopsa, oti n'kuliza mwamuna tsiku lomwe wafika.