Amisiri odula matiresi

Amisiri a kuseri kwathu kuno sadutsa khoma osalisisita. Ngakhale kutchalitchi, anzawo atatsinzina, iwo dzanja lili pakhoma, kenaka n'kupukusa mutu: "Uyu pulasitala anapaka ndi phazi."

Iwo akapaka, amadikira simenti igwire pang'ono, n'kunyika siponji m'madzi, kuifinya, n'kumazunguliza pakhomapo mpaka lisalale ngati tsaya la khanda. Koma siponji yogula saifuna. Amati yabwino ndi yodula ku matiresi ogonedwapo, yofewa kale. N'chifukwa chake matiresi a kwawo akungofupika chaka ndi chaka, moti mayi a kunyumba amagona atapinda miyendo.

Ndiye mwezi wathawu kunabwera apongozi awo kuchokera ku Chipata. Mayi a kunyumba aja, poopa manyazi, anakabwereka matiresi abwino kwa a Rukiya a pagolosale. M'mawa mwake amisiri akunyamuka kukamaliza shopu ina kuboda, anapeza matiresiwo atayanikidwa padzuwa. Anawadina ndi chala kamodzi, kawiri, mtima unakanika kupirira. Mpeni unadutsa pakona.

Madzulo anapeza akazi awo ataima pakhomo, matiresi ali m'manja. Ife tinali kuseri kwa mpanda, makutu tcheru.

"Bambo a Mayeso, a Rukiya ndikawauza kuti chiyani? Makoswe?"

"Aaa, mayi, musakuze nkhani. Amayi anu ndi aafupi, kumapazi kuja safikako n'komwe."

Apongozi ali pakhonde anatsokomola.

"Chabwino," anatero mayi a kunyumba aja. "Awa mukabweza nokha, mukafotokozenso nokha. Athu otsala aja ndigonapo ndi amayi. Inu kagoneni pasimenti. Si munasalaza nokha?"