Laputopu ya m'kabati ya a Fanwell

A Fanwell Zulu, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu ku Mlolo, ndi munthu wosunga zinthu. Njinga yawo yatha zaka zisanu ndi ziwiri, koma pulasitiki ya kusitolo ikadali pachishalo. Timawaseka, komabe choko chikasowa m'sukulu zina, kwathu chimakhalapo.

Bungwe lina litatipatsa laputopu imodzi, a Fanwell anaiyatsa kamodzi pamaso pa alendowo, kenako anaikulunga m'chitenje n'kuitsekera m'kabati. "Ana awa m'manja mwawo ndi fumbi lokhalokha," anatero. "Tidzaitulutsa mayeso akayandikira."

Ine wophunzitsa kompyuta ndinavomera msanga, ndipo kiyi wachiwiri ndinkasunga ndine. Kunena zoona, ndinkaopa kuti ana aona kuti nanenso sindiidziwa bwino. Ndinajambula mabatani a kompyuta pamakatoni, ana n'kumadina makatoniwo zaka ziwiri.

Kutatsala mlungu umodzi kuti a giredi 9 alembe mayeso a kompyuta, a Fanwell anapita ndi laputopu ija kukiliniki kukaitchaja, pakuti kusukulu kulibe magetsi. Anesi anawalola ola limodzi lokha, poti sola yawo ndi ya filiji ya katemera. Laputopuyo ili pachingwe inkayaka bwinobwino. Atangozula chingwecho, inazima.

A Fanwell anakwera minibasi ya ku Chipata atanyamula pepala la waranti, lija loti chinthu chikawonongeka a sitolo akonze ulele, losapindika ngakhale pakona. Mayi wa m'sitolo anayang'ana deti.

"Bambo, pepalali linatha ntchito chaka chatha. Mumaigwiritsa ntchito kwambiri?"

"Iyayi mayi, sinagwiridweko. Njatsopano."

"Chaipha n'chomwecho. Batire ikakhalitsa osaitchaja imafa yokha. Ina tingaitanitse ku Lusaka, koma ifika pakatha milungu itatu."

Lolemba a Fanwell anaima kutsogolo kwa kalasi, ine pambali pawo, n'kuuza ana kuti alowa mayeso asanayeserepo pa kompyuta yeniyeni. Polankhulapo maso awo anali pansi. Ine ndinkangofuna nthaka itandimeza.

Monika, mtsikana amene katoni yake inali itaperepeseka ndi kudina, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ndingoigwirako laputopuyo?"

Ndinamupatsa. Anakhala pansi, naika zala pamalo ake enieni, n'kulemba dzina lake mwachangu, osayang'ana mabatani, galasi lili bii. Atamaliza anapukuta mabataniwo ndi m'mphepete mwa diresi lake, n'kuibweza kwa a Fanwell ndi manja awiri.