Kangwee pa singano ya wailesi ya atate

Muli bwanji nonse.

Lelo tasamutsa amai kuchoka ku Kabwata kupita kwanga ku Chelstone. Zonse zakwana, kupatula wailesi ya malekodi ya malemu atate, ija yaikulu ngati kabati, imene anagula nthawi ya chipani chimodzi. Wokonza mawailesi m'tauni wati masiku ano anthu akufuna tumasipika tokwana m'thumba, iye angatengeko matabwa chabe.

Ndinati ndiiyese komaliza. Pamwamba pa singano panali kangwee kakale komata ndi tepi. Ndinakachotsa poyesa ndi dothi.

Amai anakuwa, "Iwe, bwezela! Atate ako anakamata kuti singano isamalumphe ine ndikamavina."

Kuvina? Amai omwewa a chigwilizano, amene ankatikwapula tikagwedeza chiuno pa ukwati?

Ndinabwezela, lekodi n'kuyamba kulila. Sanaimilile, koma phazi lawo linkagunda pansi mpaka nyimbo kutha. Kasipika kamene ndinawagulila chaka chatha sikanawagwedezepo ngakhale chala.

Kwanga malo palibe. Ndani aisunga?

Ndipo Ba Sisi, inu oyamba kubadwa, tiuzeni zoona. Munawaonapo amai akuvina?